Tayala linaphulika pafupi ndi kwawo kwa Fletcher Henderson

Kuchoka ku Atlanta kukafika ku Cuthbert, m'chigawo cha Georgia ku America, ndi maola pafupifupi atatu pa galimoto, ndipo za msewuwo ndilibe zambiri zokamba: mitengo ya paini, minda ya mtedza, ndi dzuwa la Julaye losakhululuka. Nkhani yanga ikuyambira pomwe tayala lakumbuyo linaphulika nditatsala pang'ono kulowa m'tauniyo, kwawo kwa Fletcher Henderson, katswiri wakale wa nyimbo za jazz.

Galimoto inali yobwereka, madola 70 pa tsiku, koma jeke yake inalibe chopukusira. Mpaka lero zimandipweteka. Musanachoke pamalo obwerekera galimoto, tsekulani kumbuyo muone nokha, musangokhulupirira pakamwa.

Nditaima kwa theka la ola, panaima pikapu yakale. Anatsika agogo ena achimuna, munthu wakuda wa imvi mbuu, natulutsa jeke yawo osafunsa n'komwe. Tikumasula mabawuti anandifunsa chomwe mwana wa ku Malawi akufuna kuno kumudzi. Nditatchula dzina la Fletcher Henderson, anasiya sipanala pansi n'kundiyang'ana. Anati mayi awo anaphunzira pa sukulu imene bambo ake a Henderson anali mphunzitsi wamkulu. "Mwanangu, unditsate, ndikakusonyeze pomwe anagona."

Henderson anabadwira kuno mu 1897. Anaphunzira za kemisitiri ndi masamu ku Atlanta University, napita ku New York mu 1920 akuganiza zopitiriza maphunzirowo. Koma nthawi imeneyo ntchito yotero kwa munthu wakuda inali yosowa, moti chomwe chinamudyetsa ndi piyano imene anamuphunzitsa mayi ake. Anagwira ntchito ku Black Swan, kampani yojambula nyimbo ya anthu akuda, kenako mu 1924 gulu lake loimba linakhazikika ku Roseland Ballroom, holo yotchuka yovinira ku New York. Chaka chomwecho anaitana Louis Armstrong, woimba lipenga, kuchokera ku Chicago. Coleman Hawkins, woimba sakisofoni, anali kale m'gululo, ndipo Don Redman ndiye ankakonza nyimbo kuti malipenga ndi masakisofoni aziyankhana, monga wotsogolera nyimbo ndi ovomera pa bwalo.

Pamandapo ndinatsegula foni n'kuika "Sugar Foot Stomp", nyimbo ya gulu la Henderson ya 1925. Mawu ake ndi okhetekheta ngati wailesi ya mabatire ofooka, koma lipenga la Armstrong litalowa agogo aja anavula chipewa, phazi likugunda pansi pang'onopang'ono. Sitinalankhulane mpaka nyimbo inatha.

Apa ndi pomwe mtima wanga unawawa. Ndalama zitavuta gulu likutha, Henderson anayamba kugulitsa nyimbo zomwe anakonza kwa Benny Goodman, mzungu amene anali ndi gulu lake loimba. "King Porter Stomp" imene inagwedeza America mu 1935 anaikonza ndi iyeyu, koma amene anavala dzina la ufumu wa swing, mtundu wa jazz wovinira, ndi Goodman. Sindikunyoza Goodman, anamulemba ntchito m'gulu lake mu 1939 ndipo ankamulemekeza. Komabe wolima ndi wina, wotamandidwa pa nkhokwe ndi wina. Henderson anadwala sitiroko mu 1950, namwalira ku New York mu Disembala 1952, ndipo thupi lake linabwerera kuno.

Nyumba ya banja lawo ikadalipo pa Andrew Street. Ine ndinangoiona kunja. Tengani madzi ambiri, ndipo mafuta thirani musanafike.

Ndinatulutsa madola 20 kuti ndithokoze. Agogo anakankha dzanja langa, nati ndiwaikirenso nyimbo ija asanakwere pikapu.