Yisiti wobwererabwerera pakhungu: zimene ndaphunzira mwezi uno

Kwa masabata atatu tsopano takhala pa matenda a pakhungu, m'mawa m'kalasi, masana m'chipinda choonera odwala. Mwa zonse zimene tadutsamo, chimene chakana kuchoka m'mutu mwanga ndi matenda a yisiti aja amene amapola n'kubweranso. Poyamba ndinkawayesa nkhani yaing'ono: munthu wabwera akuyabwidwa, m'patseni mankhwala opaka, azipita. Amene anandisintha maganizo ndi mayi ena achikulire amene anabwera kachinayi m'chaka chimodzi ndi vuto lomwelomwelo, pansi pa mabere ndi m'mphechepeche.

Aphunzitsi athu atandifunsa chochita, ndinayankha mwachangu kuti mankhwala opaka alephera, tiwapatse akumwa amphamvu. Iwo sananditsutse. Anangondifunsa kuti, "Mwawafunsa mayiwa kuti usiku amadzuka kangati kukataya madzi?" Ndinali ndisanafunse. Nditafunsa, mayi aja anati, "Mwanangu, kanayi kapena kasanu, ndipo ludzu silindichoka." Titawayeza magazi, shuga anali wokwera kwambiri, ndipo tsiku lina atabwera asanadye kanthu anapitirirabe 7.0 mmol/L, mlingo umene munthu amaganiziridwa kuti ali ndi matenda a shuga. Maulendo atatu oyamba aja, khungu linkanena za shuga, koma onse ankangoyang'ana khungulo.

Yisiti ndi mtundu wa fangasi, ndipo amene amavutitsa m'malo opindika a thupi nthawi zambiri ndi Candida albicans. Chimene ndinkachiloweza popanda kuchimvetsa n'chakuti kachilombo kameneka si kachilendo m'thupi. Anthu ambiri athanzi ali nako m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche, ndipo sikawapweteka. Chimene chimakagwira kuti kasachuluke ndi khungu louma komanso losang'ambika, mabakiteriya amene timakhala nawo mwamtendere, ndi chitetezo cha m'thupi. Chimodzi mwa zimenezi chikafooka, kamachulukana, ndipo kamasintha maonekedwe: kuchoka pa timaselo tozungulira n'kukhala timaulusi tolowerera m'chikopa chapamwamba cha khungu. Ndiye munthu akati "matenda aja abweranso", sikuti wawatenga kwina. Mankhwala anachepetsa yisitiyo, koma chimene chinam'patsa mpata chinatsala pomwepo.

Pamene khungu lagundana ndi linzake, monga m'khwapa, pansi pa mabere, pansi pa mimba, m'mphechepeche ndi pakati pa matako, thukuta siliuma. Khungu limafewa ngati la munthu amene wakhalitsa m'madzi, likamakhulana limasupuka, ndipo yisiti amapeza kutentha ndi chinyezi zimene amafuna. Pamakhala ponyowa, powala, poyabwa ndi potentha ngati pali moto, nthawi zina pakati peniyeni pamang'ambika. Chizindikiro chimene aphunzitsi anatiumiriza kuchifufuza ndi timatuza ting'onoting'ono tomwazikana kunja kwa malire a chilondacho, ngati ana ozungulira mayi wawo. Mabuku amati malowo amafiira kwambiri, koma zithunzi zambiri za m'mabukumo ndi za anthu a khungu loyera. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino. Malowo amatha kuderapo kapena kuoneka otuwa, ndipo amene akudikira kuona kufiira akhoza kuwaphonya. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa odwala amene akuphonyedwawo ndi anthu enieni amene sakugona ndi kuyabwa.

Shuga ndi chimodzi chabe mwa zoyambitsa. Akakwera m'magazi, asilikali a m'thupi sagwira bwino ntchito, ndipo yisiti amakula msanga. Chinandidabwitsa n'chakuti mankhwala ena a shuga omwewo, monga empagliflozin ndi dapagliflozin, amatulutsa shuga kudzera mu mkodzo, choncho amachulukitsa matenda a yisiti kumaliseche. Si chifukwa chowasiyira wekha, koma dokotala ayenera kudziwa. Maantibayotiki, makamaka opha mabakiteriya amitundu yambiri, amasesa ndi mabakiteriya otiteteza omwe, yisiti n'kutsala yekha m'bwalo. Palinso mimba, kunenepa kwambiri, kulephera kusunga mkodzo, thewera la mwana lokhalitsa lili lonyowa, ndi ntchito zimene manja amakhala m'madzi tsiku lonse, zimene zimabweretsa chilonda choyera pakati pa zala ndi kutupa m'mbali mwa zikhadabo. Ndipo munthu wamkulu amene yisiti akum'bwerera pakhungu ndi m'kamwa popanda chifukwa chooneka, ndi bwino kum'pempha mwaulemu kuti ayezetse HIV. Alipo ochepa kwambiri amene amabadwa ndi chitetezo chosatha kulimbana ndi Candida, ndipo vuto lawo limayamba ali aang'ono, pakhungu, m'kamwa ndi m'zikhadabo.

Nkhani imene yandiwawa kwambiri ndi ya mankhwala opaka a siteroyidi. Mayi aja anatulutsa m'chikwama kachubu kamene ankapaka pakati pa maulendo awo akuchipatala, ndipo titawerenga tinapeza kuti muli betamethasone. Anati, "Awa ndiye amandithandiza, ndikangopaka kuyabwa kumaleka." Sananame. Siteroyidi amaziziritsa kutupa ndi kuyabwa m'masiku awiri okha. Koma amachita zimenezo pogonetsa chitetezo cha pakhungupo, ndiye yisiti amafalikira mwakachetechete, ndipo munthu akangosiya kupaka vuto limabuka loposa kale. Iye amaganiza kuti mankhwalawo ndi amene amam'sunga, n'kukagula ena. M'malo opindika khungu ndi lopyapyala kale, ndipo mankhwala amalowa kwambiri chifukwa malowo ndi otsekeka, choncho betamethasone kapena clobetasol akapakidwa kwa miyezi khungu limapyapyalirathu n'kuchita mizere yosafufutika. Mafuta ena oyeretsa khungu alinso ndi masiteroyidi amphamvu omwewa. Tsopano sindifunsanso kuti "mukumwa mankhwala anji" pokha. Ndimapempha kuti andionetse chilichonse chimene akupaka, ngakhale chimene iwo sachiwerengera ngati mankhwala.

Pali yisiti wina amene ndili naye ineyo, ngakhale dzina lake ndalidziwa mwezi uno. Kuyambira ndili wachinyamata, nyengo yotentha ikafika pamsana ndi pachifuwa panga pamatuluka timawanga totuwa, zija timati zikanga. Woyambitsa ndi Malassezia, dzina lochokera kwa Louis-Charles Malassez, katswiri wa ku France wa m'zaka za m'ma 1800. Yisiti ameneyu ali pakhungu la pafupifupi munthu wamkulu aliyense. Sangakhale popanda mafuta, n'chifukwa chake amakonda pachifuwa, pamsana, pakhosi ndi m'mapewa pamene khungu limatulutsa mafuta ambiri, ndipo amavutitsa kwambiri achinyamata. Si matenda a uve, ndipo si oti munthu azithawidwa nawo. Ndikukumbukira mmene ndinkadzikhulira posamba mpaka khungu kuwawa, poganiza kuti ndi litsiro.

Chimene chanditsegula maso n'chakuti Malassezia amatulutsa zinthu zolepheretsa khungu kupanga mtundu wake. Yisiti akafa, mawanga otuwawo amatsalabe kwa masabata ngakhale miyezi, mpaka khungu litabwezeretsa mtundu. Ine ndinkaona mawangawo n'kumati mankhwala sanagwire, n'kuyamba ena. Njira yodziwira ndi yosavuta: ukakanda pang'ono kapena kukoka khungu, ngati pakutuluka timamba tosalala ngati fumbi ndiye kuti yisiti akadalipo, ngati palibe ndiye kuti latsala ndi banga lokha. Mankhwala ake ndi shampu wa ketoconazole 2% kapena selenium sulfide 2.5%, wopaka pamalo onse, osati pabanga pokha, n'kumusiya mphindi 5 mpaka 10 usanatsuke, tsiku lililonse kwa masiku angapo. Popeza yisitiyo ndi wa pakhungu pomwepo, amabwerera kawirikawiri, ndipo kwa amene amavutika chaka ndi chaka, kusamba ndi shampuyo kamodzi kapena kawiri pamwezi m'nyengo yotentha kumachepetsa kubwererako.

Apa aphunzitsi anatichenjeza kuti si banga lotuwa lililonse limene lili zikanga. Banga limene munthu samva ukaligunda ndi thonje lifufuzidwe ngati si khate. Momwemonso m'mphechepeche, si chilichonse choyabwa chimene chili Candida. Zipere za m'mphechepeche zimakhala ndi malire otukuka ndipo pakati pamaoneka ngati papola. Pali mabakiteriya otchedwa Corynebacterium minutissimum amene amapanga banga lodera m'malo omwewo, ndipo pa nyali ya Wood, nyali yapadera younikira khungu, limawala mofiirira. Pali psoriasis wa m'malo opindika, matenda a pakhungu osayambitsidwa ndi fangasi, amene sangamve mankhwala a fangasi ngakhale utapaka chaka chonse. Vuto likabwera kachiwiri kapena kachitatu, kupala timamba pang'ono, kuthira mankhwala otchedwa potassium hydroxide n'kuyang'ana pa maikulosikopu ndi ntchito ya mphindi zochepa. Tsiku limene ndinaona koyamba timaselo tophukira ndi timaulusi take, ndinakhala pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira anzanga amene ankadikira.

Za mankhwala, ndinkaganiza kuti onse a fangasi ndi amodzi. Ayi ndithu. Clotrimazole ndi miconazole amalepheretsa yisiti kupanga ergosterol, chinthu chimene chimalimbitsa kachikopa kokuta selo lake, ndipo amagwira Candida, Malassezia ndi zipere zomwe. Amapakidwa kawiri patsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, ndipo anthu ambiri amasiya pa tsiku lachinayi kuyabwa kukangoleka, chimene ndi chifukwa china chachikulu chobwerera. Nystatin, amene anam'tulukira Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown mu 1950 n'kum'patsa dzina lokumbukira New York State, amagwira Candida koma zipere sazigwira. Griseofulvin ndi wa zipere, yisiti samukhudza. Terbinafine wakumwa sathandiza pa zikanga. Mapiritsi a fluconazole alipo pamene vuto lafalikira kapena opaka akanika, koma sagwirizana ndi mankhwala ena monga warfarin, woletsa magazi kuundana, ndipo mayi woyembekezera sayenera kungowamwa. Mapiritsi a ketoconazole anaikiridwa malire okhwima ku America ndi kuimitsidwa ku Ulaya mu 2013 chifukwa choononga chiwindi, ngakhale shampu ndi wopaka wake akugwirabe ntchito.

Kumwa fluconazole mobwerezabwereza osayezetsa kuli ndi vuto linanso. Mitundu ina ya yisiti, monga Candida glabrata, simumva bwino, ndipo Candida krusei simumva n'komwe. Mu 2022 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda woyamba wa mafangasi oopsa kwa anthu, ndipo Candida albicans ali m'gulu lapamwamba limodzi ndi Candida auris, amene anadziwika koyamba ku Japan mu 2009 ndipo amakana mankhwala ambiri. Yankho langa lija loti "tiwapatse amphamvu" likanangowonjezera pa vuto limeneli, shuga wa mayi aja n'kumakwerabe osadziwika.

Chimene chinatenga nthawi yaitali pa ulendo wawo sichinali kulemba mankhwala ayi, koma kukambirana za kuumitsa khungu. Aphunzitsi anakhala pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono: posamba asakhule, akamaliza anyamule bere kapena mimba n'kupukuta mogunditsa nsalu yofewa mpaka paume, avale zovala za thonje zosathina, asinthe zikanyowa ndi thukuta, ndipo masana akhoza kuika kansalu koyera kouma pansi pa bere n'kumakasintha. Pamene khungu limakhulana, atapola akhoza kupakapo zinc oxide kuti atchinge chinyezi. Mayi aja anafunsa motsitsa mawu kuti, "Adokotala, kodi ndiye kuti sindidzisamala?" Aphunzitsi anayankha kuti, "Ayi mayi, mumasamba bwino. Vuto ndi chinyezi ndi shuga, osati ukhondo wanu." Ndinaona mapewa awo akutsika. Kwa chaka chathunthu anali atasenza manyazi amenewo, mwinanso n'chifukwa chake ankayamba agula kachubu kaja asanabwere.

Anabweranso patatha masabata awiri, atayamba mankhwala a shuga ndipo kachubu kaja atakataya. Pansi pa mabere panali pouma, patangotsala kuda pang'ono kumene aphunzitsi anati kudzatha pakapita miyezi. M'mphechepeche munali mutatsala kachigawo kakang'ono konyowa, ndipo ulendo uno anandiuza ineyo kuti ndipale ndi kukayang'ana ndekha. Timaulusi tinalipo, tochepa. Tinawonjezera masabata awiri a clotrimazole, ndipo ndinawalembera tsiku lodzayezanso shuga pachikuto cha buku lawo lachipatala, m'zilembo zikuluzikulu monga anapemphera, chifukwa maso awo sakuonanso bwino zing'onozing'ono. Aphunzitsi atamva zimenezo anawonjezera kuti akapimitsenso maso.