Kuperekeza mwana ku Pretoria kuchokera ku Ngabu

Mwana wathu wamkazi, chisamba chathu, atapeza malo ku University of Pretoria kuti akachite digiri yachiwiri, ine ndi amayi ake tinagwirizana kuti sitikamusiya pa depoti ku Blantyre ngati munthu wotumidwa kumsika. Tinafuna kupita naye tonse, ife awiri ndi mlongo wake wamng'ono, tikaone kumene azikagona, tiyendeko pang'ono ngati banja, kenako timusiye ayambe sukulu. Ulendowo unali waufupi, koma kukonzekera kwake kunadya miyezi, ndipo chovuta kwambiri sichinali ndalama ayi. Chinali kudziwa choyamba n'chiti, chotsatira n'chiti, chifukwa pepala lililonse limadikira linzake.

Tinayamba ndi mapasipoti kalata yakusukulu isanafike n'komwe. Akuluakulufe sizinavute, chiphaso cha unzika tinali nacho. Mzime wathuyu sanakwane zaka 16, ndiye tinayamba kamupezera kalata yakubadwa ku ofesi ya NRB ku boma ku Chikwawa, kenako tonse tinakwera ku Blantyre ku Immigration kukajambulitsa. Amene ankafuna pasipoti kumayambiriro kwa 2024 akukumbukira kuti kusindikiza kunaima kwa milungu ingapo makompyuta atasokonezedwa. Pasipoti si chinthu choti muzichifuna mwezi womwe mukunyamuka.

Tsono apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka. Ife okacheza, pasipoti ya Malawi imatilola kulowa ku South Africa popanda viza, kwa masiku osapitirira 30. Ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, kumene basi imadutsa, nakonso viza safuna. Koma mwana wasukulu sali m'gulu limeneli. Iye amafunika viza yophunzirira, ndipo amaitenga ali kuno, ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Pali anthu amene anatiuza kuti, "Angolowa nanu limodzi ngati mlendo, zinazo akakonzera konko." Musawamvere. Malamulo awo salola munthu wolowa ngati mlendo kusintha n'kukhala wophunzira ali m'dzikomo, ndipo yunivesite simulembetsa mwana wopanda viza imeneyi.

Zofunika pa viza zinali kalata yomulandira yochokera kusukulu, kalata ya apolisi yosonyeza kuti alibe mlandu, kalata ya dokotala, umboni wakubanki woti ndalama zomusungira zilipo, ndi inshuwalansi ya zaumoyo. Inshuwalansiyi ndiyo inatidabwitsa. Yakuno salandira ngakhale ikhale yabwino chotani. Amafuna ya kampani yolembetsedwa ku South Africa komweko, yolipiriratu. Kalata ya apolisi ndi ya dokotala nazo zimatha mphamvu pakapita miyezi 6, choncho kuzitenga msanga kwambiri n'kutaya ndalama, kuzitenga mochedwa n'kuchedwetsa zonse. Ife tinapita kukadinditsa zala kalata yakusukulu itangofika.

Pasipoti ya mwana imatsala ku Lilongwe pamene akuunika pempholo. Amayi ake ankafuna tiguliretu matikiti poopa kuti mipando itha, chifukwa mu Januwale basi za ku Joni zimadzaza ndi anthu obwerera kuntchito akatha kudya Khirisimasi kumudzi. Ndinawayankha kuti, "Amayi, tikagula lero viza n'kuchedwa, tikwera ndi ndani?" Tinangopita kukafunsa ngati tsiku la pa tikiti limasinthika komanso amalipiritsa bwanji, n'kudikira. Matikiti tinagula pasipoti itabwera ili ndi viza mkati.

Kubanki nako amafuna pasipoti ndi tikiti asanakugulitseni ma rand a paulendo. Mukuona mmene zimalumikizirana: viza, kenako tikiti, kenako ndalama, zonse kuthithikana m'milungu yomaliza. Ndalama zakunja zakhala zikusowa m'dziko muno, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense anaphunzira kuti mtengo wa lero si wa mawa. Ndalama za fizi tinazipatula. Zimenezo banki imatumiza yokha ku akaunti ya yunivesite mukaipatsa pepala la fizi lochokera kusukulu, ndipo pempho lake tinaliika msanga chifukwa pamakhala mzere. Chotonthoza n'chakuti ophunzira a m'mayiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, kungowonjezerapo kandalama ka ophunzira akunja.

Ndalama zathu zinali m'khola. Ng'ombe ndinagulitsa mvula isanayambe, pa zifukwa ziwiri zimene aliyense wa kuno kuchigwa akuzidziwa: nthawi ya njala ogulitsa amachuluka mitengo n'kutsika, komanso chigodola chikabuka misika ya ziweto imatsekedwa, iwe n'kutsala ndi ng'ombe zonenepa koma m'thumba muli mbee.

Sukulu za ukachenjede ku South Africa zimatsegula mu Febuluwale, mkati mwenimweni mwa dzinja lathu. Kwa munthu wa ku Limbe zimenezi zilibe kanthu. Kwa ife, msewu wa M1 ndi umodzi womwewo: Ngabu, Nchalo, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu pa Shire, Thabwa, kenako chikweza. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaudula msewu umenewu, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anatikumbutsanso. Choncho sitinayerekeze kunyamuka ku Ngabu m'mawa wa tsiku la basi. Tinakwera kumtunda nthawi ikadalipo n'kukagona kwa alamu anga ku Chilomoni, katundu yense ali nafe. Amayi ake, amene ndi mphunzitsi, anali atapempha kale tchuthi kuntchito, ndipo mnyamatayu tinakamutsanzikira kwa ahedi, pakuti teremu inali mkati.

Ndege yochokera ku Chileka imafika ku Johannesburg m'maola ochepa, koma kwa anthu anayi ndi masutikesi a munthu amene akusamuka, basi ndiyo inali yathu. Imatuluka pa Mwanza, kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano, kulowa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka Beitbridge pa Limpopo. Zipata ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mbali ziwiri, kutanthauza kutsika ndi kuima pamzere kasanu ndi kamodzi. Mapepala onse ndinawaika m'kachikwama ka pulasitiki kamene sikanachoke pachifuwa panga, ndipo makope ake anali m'chikwama cha amayi. Ma rand ang'onoang'ono amathandiza pogula madzi ndi kulipira kuchimbudzi m'njira. Ku Tete amayi anagula zakumwa m'Chisena, wogulitsa n'kumayankha m'Chinyungwe, onse akumvana bwinobwino, mwana wasukulu uja ndi Chingerezi chake atangoti kukamwa yasa.

Za chakudya tinakangana pang'ono tisananyamuke. Amayi anali atagula milamba yowamba ya ku Bangula kuti mwana azikadyera nsima. Nyama, nsomba, zipatso ndi mbewu sizilowa ku South Africa mwachisawawa, pamafunika chilolezo, ndiye milambayo inatsala ku Chilomoni ndipo alamu sanadandaule. Ufa ndi wosavuta, uli m'sitolo iliyonse kumeneko.

Pa Beitbridge ndi pofunika maso. Ife okacheza anatifunsa kumene tikukafikira ndi tsiku lobwerera, ndipo tinaonetsa tikiti yobwererera ndi pepala la nyumba ya alendo ya ku Hatfield, dera la mu Pretoria, imene tinasungitsa malo. Mwana wasukulu ndinamuuza kuti apereke pasipoti atatsegula tsamba la viza, kuti asamudindire ngati mlendo pamodzi ndi ife. Musanachoke pa windo, werengani tsiku limene alemba pa chidindo, chifukwa limenelo ndilo lamulo, osati masiku 30 amene muli nawo m'mutu. Wopitirira tsikulo amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka kapena kuposa, ndipo kwa kholo limene mwana wake ali kumeneko, chilango chimenecho n'chowawa. Kumbukiraninso kufunsa pogula tikiti ngati basi imatsitsa ku Pretoria, popeza msewu wa N1 umafika kumeneko kaye usanakafike ku Johannesburg.

Titafika, zoyendayenda tinaziika pambuyo. Tinayamba ndi za mwana: kukaonekera ku ofesi ya ophunzira akunja, kulandira kiyi wa chipinda, kugula nambala ya foni, imene salembetsa popanda pasipoti ndi umboni wa kumene ukukhala, ndi kufunsa za akaunti ya kubanki. Zofunda ndi mapoto tinagula konko m'malo mozisenza kuchokera kuno. Kanthu kamodzi kakang'ono koma kofunika usiku woyamba womwe: mapulagi awo ndi a mano atatu obulungira, athu ndi a mano a makona, ndiye tchaja ya kuno silowa pakhoma. Ka adaputa kamagulitsidwa m'masitolo ambiri, gulani kawiri.

Zitatha izi m'pamene tinakhala alendo. Ku Union Buildings, nyumba za boma za ku Pretoria, tinajambulitsa pansi pa chiboliboli cha Nelson Mandela, chotalika mamita 9, chimene anachiika mu Disembala 2013, ndipo kulowa m'minda ya maluwa ya pamenepo n'kwaulere. Kumalo osungira nyama ine ndinakana. Munthu wokhala pafupi ndi Lengwe ndi Majete sangalipire ma rand kuti akaone nyala ili mumpanda. Mnyamata ankangofuna sitima, ndiye tinakwera Gautrain kuchokera ku Hatfield mpaka Park Station ku Johannesburg, iye maso ali pawindo njira yonse. Kuchokera pamenepo tinapita ku Soweto, mu Vilakazi Street, msewu umene munakhala Mandela ndi Desmond Tutu. Amayi ake ankayang'ana kwambiri milu ya dothi la m'migodi m'mbali mwa njira, chifukwa bambo awo anagwirako ntchito nthawi ya Wenela. Ndikanati ndilangize, tsiku limodzi lokayenda kutali ndi lokwanira. Masiku enawo yendani ndi mwana wapansi kuchokera kuchipinda kwake kupita kukalasi, kusitolo ndi kuchipatala, kuti nonse mudziwe njira zake.

Tinanyamuka makalasi asanayambe, kuti azolowerane ndi anzake popanda makolo kumbuyo. Ma rand otsala tinamusiyira, titangopatula a m'njira, chifukwa kubwera nawo kuno n'kuwasinthanso n'kuluza kawiri. Malisiti a nsapato ndi foni imene tinamugulira mnyamata ndinawasunga pamodzi ndi mapasipoti, popeza pa Mwanza a MRA amafuna kudziwa zimene mwagula ndi mtengo wake. Tisanatsike ku Thabwa tinaimba kaye foni ku Nchalo kufunsa ngati msewu ukudutsika.