Bondo linkawawa, koma vuto linali ku kakolo

Kwa zaka pafupifupi zitatu bondo langa lakumanja linkandisowetsa mtendere, makamaka ndikamapalasa njinga kuchoka kwathu ku Ngabu kupita ku Nchalo nditanyamula matumba a mapira. Ndinalithowa ndi madzi otentha, ndinamwa panado ndi bufeni wosawerengeka, ndipo mphini zimene azakhali ananditemera zikuonekabe mpaka lero, koma ululu unkangobisala sabata imodzi n'kubweranso.

Nditatumizidwa kwa adokotala a mafizo, ndinapinda buluku mpaka m'ntchafu n'kuwalozera pamene pankawawa. Iwo anangogwirapo pang'ono, kenako anati, "Bambo, vulani nsapato, muyende mukafike pakhomopo n'kubwerera." Kunena zoona ndinakhumudwa, chifukwa ndalama ya ulendo ndinaiwonongera bondo, osati kayendedwe. Anatola nsapato zanga n'kuzitembenuza, ndipo anandionetsa kuti yakumanja inali itadyeka mbali imodzi yokha. Atandiuza kuti ndinyonyomale mapazi ali chipondere pansi, chidendene chakumanja chinanyamuka chokha, bondo n'kupendekera mkati.

"Kodi phazi ili munavulalapo?" anandifunsa. Poyamba ndinakana, koma kenako ndinakumbukira kuti mu Januwale 2015, madzi osefukira atakokolola midzi ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndinabinya kakolo m'matope pothandiza abale kusamutsa katundu cha ku Bangula. Masiku amenewo phazi lotupa silinali nkhani yoti munthu n'kuidandaula pamaso pa anzake amene nyumba zawo zinali zitagwa. Ndinatsimphina mwezi wathunthu, ndipo kutupa kutatha ndinkayesa kuti ndachira.

Adokotalawo anandifotokozera kuti bondo limangopinda ndi kuwongoka ngati chitseko pa mahinjesi, pamene kakolo ndi chiuno zimatha kuyenda mbali zingapo. Kakolo akauma, n'kulephera kupinda bwino munthu akamaponda, phazi limafunafuna njira ina, ndipo bondo limakakamizika kupotoka pa sitepe iliyonse. Nayonso minofu ya m'mbali mwa matako, imene imagwira chiuno kuti chisagwere mbali munthu akaima ndi mwendo umodzi, inali itafooka. Izi sindinatsutse, pakuti atandiimitsa ndi mwendo wakumanja wokha ndinadzandira ndisanawerenge kufika pa 10.

Masewero amene anandipatsa sanafune chipangizo chogula. Ndinkaima moyang'ana khoma n'kumakankhira bondo kutsogolo chidendene chisananyamuke, kuti kakolo afewe. Ndinkamanga legeni ya chubu cha njinga m'mawondo n'kumayenda cham'mbali ngati nkhanu, zimene zinkaseketsa ana anga kwambiri. Anandiuzanso kuti ndikweze chishalo cha njinga, chifukwa chinali chotsika moti bondo linkapinda mopitirira nthawi zonse ndikamapalasa. Zonsezi ndinkachita m'mamawa dzuwa lisanakwere, popeza m'chigwa muno mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40.

Adokotalawo anandichenjeza kuti si bondo lililonse limene limawawa chifukwa cha kakolo, ndipo lotupa, lotentha kapena logwidwa ndi nyamakazi limafuna kupimidwa palokha. Komabe ndikaona odula nzimbe, akabaza ndi amayi osenza zidebe kuchokera ku mjigo akugula mapiritsi a msana pagolosale, ndimadzifunsa kuti ndi angati amene munthu wina anawaonapo akuyenda n'kuwafunsa za kuvulala kwakale. Madokotala a mafizo amaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ku Blantyre kuli malo othandizira anthu otere a Kachere, koma kwa mlimi wa thonje ndalama yokwerera zitunda za ku Thabwa si yapafupi.

Patatha miyezi itatu ndinayamba kufika ku Nchalo osatsika panjira kuti ndipumitse mwendo. Bondo limandikumbutsabe ndikalekeza masewero kwa sabata ziwiri, ndipo nsapato zatsopano zimene ndinagula pamsika wa Ngabu ndimazitembenuza mwezi uliwonse kuti ndione mmene zikudyekera.