Apuloni ya mtovu siipindidwa

Anzanga a m'chipinda cha X-ray, makamaka m'zipatala za m'maboma, apuloni ya mtovu, yovala podziteteza ku cheza cha X-ray, siipindidwa ngati chitenje. Mukaipinda kapena kuiunjika pampando, mtovu wam'kati, wokhuthala 0.25 mpaka 0.5 mm, umang'aluka. Kunja imaonekabe yabwinobwino pomwe cheza chikudutsa. Ipachikeni pa hang'ala yolimba, ndipo kamodzi pachaka muziijambula ndi makina a X-ray omwewo. Ming'alu imaoneka ngati mizere yakuda.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'kujambula kobwereza. Wodwala wasuntha, mkanda sunavulidwe, kapena kVp ndi mAs (miyezo ya mphamvu ndi kuchuluka kwa cheza) za munthu wamkulu zagwiritsidwa ntchito pa mwana: basi thupi limodzi lalandira cheza kawiri. Chithunzi chilichonse chokanika chilembedwe m'kaundula pamodzi ndi chifukwa chake, mwezi ukatha muone vuto lomwe likubwerabwera. Kuwala kwa collimator (kachipangizo kochepetsa malo omwe cheza chikugwera) muzikuchepetsa kuti kukwane pamalo ofunikapo pokha.

Ndi makina oyenda nawo m'mawodi, taimani patali mamita 2. Mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Amayi afunseni kaye ngati ali oyembekezera, ndipo pomwe ultrasound (sikani yogwiritsa ntchito mafunde a phokoso) ingapereke yankho, yambani ndi imeneyo chifukwa ilibe chezachi.