Nsalu imawerengedwa ku ulusi, osati ku maluwa

Wophunzira zosokasoka akalowa m'sitolo ya nsalu, maso amathamangira pa maluwa ndi mtundu. Kasitomala nayenso amayang'ana zomwezo, choncho palibe cholakwika. Koma chimene chidzachititse kuti diresi ligwe bwino m'thupi, kuti buluku lisapotoke mwendo likachapidwa katatu, kapena kuti msoko wa m'khwapa usatseguke tsiku la ukwati, si maluwa ayi. Ndi mmene ulusi wadutsirana m'kati mwa nsaluyo. Zimenezi zimawerengeka ndi maso, singano ndi kope la masamu la timabokosi, ndipo aliyense wofuna kudzakonza mafashoni ayenera kuzidziwa ngati mmene amadziwira kuyeza chiuno.

Nsalu yoombedwa ili ndi magulu awiri a ulusi. Gulu loyamba limayalidwa m'litali pa makina, lokokedwa kuti nga, ndipo m'mabuku amati warp. Gulu lachiwiri limapingasa kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete mwina, ndilo weft. Kaulusi kamodzikamodzi ndizikatchula kuti nkhosi. Makina oombera, kaya a manja kaya a ku fakitale, amachita zinthu zitatu mobwerezabwereza: amakweza nkhosi zina za m'litali kuti patseguke mpata, amaponya nkhosi yopingasa mu mpatawo, kenako chipeso chimaikankhira pa nsalu yomwe yaombedwa kale. Amang'anja a ku chigwa cha Shire ankaomba nsalu za thonje zotchedwa machila kalekale mafakitale asanabwere, ndipo zochita zake zinali zitatu zomwezi. Funso la kapangidwe ka nsalu ndi limodzi basi: pa ulendo uliwonse wa nkhosi yopingasa, ndi nkhosi ziti za m'litali zimene zakwera, ndi ziti zatsalira pansi?

Yankho lake limalembedwa pa pepala la timabokosi. Mzere uliwonse wotsika ukuimira nkhosi imodzi ya m'litali, mzere uliwonse wopingasa ukuimira nkhosi imodzi ya weft. Kabokosi mukakadetsa ndiye kuti pamenepo ulusi wa m'litali uli pamwamba. Mukakasiya koyera, wopingasa ndiwo uli pamwamba. Simujambula nsalu yonse. Mumajambula kachigawo kakang'ono kamene kamangobwerezedwa, ndipo kachigawoko ndiye repeat.

Kaombedwe kofala kwambiri ndi plain weave: kukwera imodzi, kutsika imodzi. Repeat yake ndi timabokosi 2 kwa 2, ndipo pa pepala imaoneka ngati bolodi la drafuti. Chitenje, poplin ya malaya a yunifolomu, calico yoyesera mapatani, chiffon, organza, zonsezi kaombedwe kake n'kamodzi. Chimene chimazisiyanitsa ndi kunenepa kwa ulusi, kupotedwa kwake, ndi kuchuluka kwa nkhosi pa sentimita. Poplin ili ndi nkhosi za m'litali zothinana kwambiri kuposa zopingasa, n'chifukwa chake mukaipenyetsetsa mumaona timizere topingasa. Popeza ulusi umasinthana mbali pa nkhosi iliyonse, nsalu ya mtunduwu imagwirana, siyoyoka msanga m'mphepete ndipo pamwamba pake n'posalala bwino kusindikizapo maluwa. Koma imachita makwinya msanga, ndiponso imang'ambika mosavuta kusiyana ndi twill (kaombedwe ka mizere yopendekeka) ya ulusi wofanana, chifukwa nkhosi zake zilibe malo osunthira kuti zithandizane, ndiye zimaduka imodziimodzi. N'chifukwa chake wogulitsa chitenje amangodula pang'ono ndi sizasi, kwinako n'kung'amba ndi manja mzere n'kuwongoka.

Twill musakaifune kutali. Tengani lichero muliyang'ane pansi pake: kansungwi kamadumpha tinzake tiwiri kapena titatu, kotsatira n'kuyambira patsogolo pang'ono, ndipo pamatuluka mizere yopendekeka. Kaombedwe ka jinzi n'komweko. Kuti mujambule twill ya 2/2, mu mzere woyamba wotsika detsani timabokosi tiwiri kuchokera pansi, siyani tiwiri. Mu mzere wachiwiri chitani chimodzimodzi koma muyambire kabokosi kamodzi pamwamba. Mukafika mzere wachinayi repeat yatha, 4 kwa 4. Denim, nsalu ya jinzi, kawirikawiri ndi 3/1: nkhosi ya m'litali, yomwe ndiyo yonyikidwa mu utoto wa indigo, imakwera pa zopingasa zitatu n'kutsika pa imodzi. N'chifukwa chake kunja kwa jinzi n'kwa buluu pomwe m'kati n'koyererako, poti ulusi wopingasa ndi woyera.

Tsopano werengani kuti ulusi ukusinthana mbali kangati. Pa nkhosi zinayi, plain weave imasintha kanayi, twill ya 2/2 kawiri kokha. Kusinthana kukachepa, pamapezeka malo olongeza ulusi wambiri pa sentimita, ndiye nsalu imalemera koma n'kukhala yofewa, yogwa bwino, yosachita makwinya msanga, ndipo litsiro silionekera kwambiri. Ndi chifukwa chake ovololo, suti ndi buluku la ntchito zimakonda twill. Mzere wake umapendekeka madigiri 45 ngati nkhosi za mbali zonse n'zofanana kuchuluka. Za m'litali zikachuluka, mzerewo umaimirira, monga pa gabardine, nsalu imene Thomas Burberry anayambitsa mu 1879, yomwe mzere wake umafika cha m'ma 63.

Vuto la twill ndi kupotoka. Mizere yonse ikamapita mbali imodzi, nsalu ikanyowa imafuna kutsatira mbali yomweyo, ndipo msoko wa m'mbali mwa mwendo umayamba kuzungulira kubwera kutsogolo kwa msongolo. Mafakitale amayesa kuthana nazo pomaliza nsalu, ndipo kampani ya Wrangler inayamba kugwiritsa ntchito broken twill mu 1964, pomwe mzere umatembenuka pafupipafupi kuti mphamvu ya mbali ino ithetse ya mbali inayo. Inu pa tebulo lanu chitani ziwiri: chapani nsalu musanadule, ndipo poika patani ya mwendo yezani ndi tepi kuchokera m'mphepete mwa nsalu kufika pa mzere wa grain (mzere wa pa patani wotsata ulusi wa m'litali) malo awiri, kumtunda ndi kumunsi. Manambala awiriwo afanane ndendende. Kupendeketsa patani pang'ono kuti ikwane pa nsalu yochepa ndi kumene kumabala miyendo yopotoka yambiri, ndipo simbi singawongole zimenezo.

Satin ndi pamene ophunzira ambiri amasokonezeka, choncho tiyeni tichedwepo. Choyamba, satin si mtundu wa ulusi. Pali satin ya silika, ya polyester, ya thonje. Dzinali ndi la kaombedwe: nkhosi imayandama pamwamba pa zinzake zinayi kapena kuposa, n'kumira pansi pa imodzi yokha, ndipo malo omirawo amamwazidwa kuti asagundane n'kupanga mzere. Kuwala kuja kumachokera pa nkhosi zazitali zoyandamazo.

Jambulani timabokosi 5 kwa 5. Mu mzere wotsika uliwonse muika chizindikiro pa kabokosi kamodzi kokha, ndipo pochoka mzere uno kupita wotsatira muzidumpha 2. Mzere woyamba, kabokosi 1. Wachiwiri, 3. Wachitatu, 5. Wachinayi ukanakhala pa 7, koma timabokosi ndi 5, ndiye 7 kuchotsa 5 ndi 2. Wachisanu, 4. Onani kuti manambala onse, 1, 3, 5, 2, 4, apezeka kamodzikamodzi, kutanthauza kuti nkhosi iliyonse yopingasa yamangidwa. Mukadetsa timabokosi ta zizindikiro tokhato, pamwamba padzaza ulusi wopingasa ndipo imeneyo ndi sateen. Mukadetsa tina tonse n'kusiya ta zizindikiro toyera, mwapeza satin ya ulusi wa m'litali. Tsopano yesani pa 6 kwa 6. Kudumpha 2 kukupatsani 1, 3, 5, n'kubwereranso pa 1, ndiye nkhosi 2, 4 ndi 6 sizinamangidwe paliponse, zingosololoka. Kudumpha 3 kungozungulira pa 1 ndi 4. Kudumpha 4 n'chimodzimodzi ndi 2. Kudumpha 1 kapena 5 kukubwezerani ku twill. Choncho satin yolongosoka ya nkhosi 6 kulibe. Lamulo lake ndi ili: nambala yodumpha isakhale 1, isakhale yochepa ndi imodzi pa repeat, ndipo pasakhale nambala yoposa 1 imene ingagawe zonse ziwiri. Pa 5 mudumpha 2 kapena 3, pa 8 mudumpha 3 kapena 5.

Kuyandama komweko kumene kumabweretsa kuwala ndi kumene kumavutitsa posoka. Mphete, chikhadabo kapena phini wobuntha amakola nkhosi n'kuikoka. Choopsa kwambiri ndi kutsetsereka kwa ulusi pa msoko: ulusi wosokera sunaduke, nsalu sinang'ambike, koma nkhosi zasuntha n'kusiya mpata ngati makwerero m'mbali mwa msoko. Zimachitika pa satin yotchipa yomwe nkhosi zake n'zochepa pa sentimita, makamaka pa diresi lothina m'chiuno. Musanadule, sokani tizidutswa tiwiri, mugwire mbali zonse za msoko ndi zala zazikulu n'kukoka. Pakatseguka, siyani malo a msoko osachepera 1.5 cm, onjezerani mpata wopumira pa patani, ndipo ikani lining, nsalu ya m'kati, kuti ndiyo izinyamula kukoka. Singano ikhale yatsopano, 70/10 kapena 60/8, osati 100/16 imene munasokera jinzi dzulo. Zidutswa zonse zidulidwe moyang'ana mbali imodzi, chifukwa satin mukaitembenuza mutu imawala mosiyana, ndipo pa chithunzi cha ukwati theka la diresi lidzaoneka ngati nsalu ina.

Pepala la timabokosi limakuuzaninso makina amene angaombe chimene mwajambula. Nkhosi za m'litali zimalowetsedwa m'mafelemu amene amakwera ndi kutsika, ndipo nkhosi zonse zoyenda mofanana zimakhala pa felemu imodzi. Werengani mizere yotsika yosafanana mu repeat yanu, mwapeza chiwerengero cha mafelemu: plain weave awiri, twill ya 2/2 anayi, satin ija asanu. Chosangalatsa n'chakuti mungasinthe maonekedwe osawonjezera felemu, kungosintha kalowetsedwe ka nkhosi. Pa twill ya 2/2, lowetsani 1, 2, 3, 4, 1, 2, 3, 4, kenako 2, 1, 4, 3, 2, 1, 4, 3, ndipo mupeza herringbone, mizere yonga minga ya nsomba ija ya pa majekete, repeat ya nkhosi 16 pa mafelemu anayi omwewo. Timaluwa ting'onoting'ono ta pa malaya timaombedwa ndi makina a dobby, a mafelemu ambiri. Maluwa akuluakulu a damask ndi brocade amafuna makina a jacquard, amene amakweza nkhosi iliyonse payokha, njira imene Joseph Marie Jacquard anakonza ku Lyon mu 1804 pogwiritsa ntchito makadi oboola.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa maluwa oombedwa ndi maluwa osindikizidwa. Kente ya ku Ghana maonekedwe ake ali mu ulusi momwe, imaombedwa m'timizere topapatiza ta pafupifupi 10 cm n'kulumikizidwa. Chitenje ndi shweshwe ya ku South Africa ndi plain weave yomwe maluwa anachita kuikapo pamwamba nsalu itaombedwa kale. Ndiye n'zotheka kuti maluwa apendekeke pomwe ulusi uli wowongoka. Solonani nkhosi imodzi yopingasa kuchoka m'mphepete kufika kwina, muone ngati duwa limene lili pa mzerewo kumanzere lilinso pa mzerewo kumanja. Likasemphana ndi masentimita angapo, mwakhala pa mphambano: kutsata maluwa ndiye siketi idzapotoka ikachapidwa, kutsata ulusi ndiye maluwa adzaoneka otsetsereka pa mpendero. Ine ndimati nsalu yotereyi isagulidwe ngati chovalacho chili ndi mizere yoonekera. Ngati yagulidwa kale, tsatani ulusi ndipo sankhani sitayilo ya mapinda ambiri imene ingabise kupendekekako.

Malo abwino ophunzirira zonsezi ndi pa kaunjika. Gulani zovala zotchipa zisanu zosiyana, mudule kachidutswa ka 10 cm kwa 10 cm pa chilichonse. Yambani ndi kupeza warp. Ngati mphepete ya ku fakitale palibe, kokani mbali zonse ziwiri: imene sikutamuka kwambiri nthawi zambiri ndiyo ya m'litali, chifukwa inaombedwa ili yokokedwa pomwe yopingasa ndiyo inkapindikapindika. Kupindikako kumayezeka: solonani nkhosi imodzi pa kachidutswako, muiwongole pa rula osaikoka mwamphamvu. Ikafika 10.8 cm, crimp yake ndi 8 pa 100. Kenako yoyolani m'mphepete mpaka patsale mphonje, muwerenge nkhosi za pa sentimita imodzi mbali zonse ziwiri, katatu malo osiyana. Kamera ya foni mukaiyandikitsa imathandiza pamene galasi lokulitsa palibe. Ndi nsonga ya singano, tsatani nkhosi imodzi ya m'litali, muzidetsa kapena kusiya kabokosi pa nkhosi yopingasa iliyonse, mpaka muone kuti zayamba kubwerezeka. Mukakhala ndi sikelo yoyeza tizigawo ta gramu, kulemera kwa kachidutswako kasanayoyoledwe kuchulukitsa ndi 100 ndiko kulemera kwa nsalu pa sikweya mita. Denim imalembedwa m'ma ounce: 1 oz pa sikweya yadi ndi magalamu pafupifupi 34 pa sikweya mita, ndiye ya 12 oz ili cha m'ma 407.

Pa nsalu yatsopano wonjezerani mayeso a kufupika. Lembani bokosi la 50 cm kwa 50 cm ndi cholembera chosafufutika, chapani mmene mwini chovala azidzachapira, yanikani, sitani, yezaninso. Mbali ya m'litali ndiyo imakonda kufupika kwambiri, poti ikumasuka ku kukokedwa kwa pa makina. Ikabwerera pa 48 cm ndiye yafupika 4 pa 100, ndipo pa buluku la mwendo wa 100 cm amenewo ndi masentimita anayi athunthu. Kuchapako kumachotsanso sitachi imene imabisa kuchepa kwa ulusi pa zitenje zina: isanachapidwe imaoneka yolimba, ikauma muiyang'anitse kudzuwa muone mipata imene sitachi inatseka, kenako muwerengenso nkhosi pa sentimita musanasankhe ngati ikuyenera diresi lothina kapena malaya otaya.