Mbiri ya moyo wanga: bawuti ya mounting imene inandiliza

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti nanga za minivani ija zinatha bwanji, sindinaiwale ayi, kungoti gawo ili likadandiwawabe polemba. Paja mukukumbuka kuti bambo atatisiya galimoto ija inatsala m'manja mwanga, zaka n'kumapita ikutidyetsa ine, amayi ndi ana a achemwali. Kenako nthawi yosintha timing belt, lamba amene amachititsa kuti mavavu aziyendera limodzi ndi mapistoni mu injini, inakwana.

Ena munati bwanji sindinangodikira kuti lamba aduke kaye. Abale, injini ngati imeneyi lamba akaduka ikuyenda mapistoni amamenya mavavu n'kuwapinda, apo ndiye kuti wagwetsa nyumba yonse, ine sindikanalola zimenezo.

Injini yake ndi yogona chopingasa, ndiye lamba sangatuluke usanachotse mounting ya m'mbali (chogwirizira injini ku thupi la galimoto) ndi bulaketi yake. Ndinaika jeke pansi pa sampu (mosungira oyilo kunsi kwa injini), thabwa pakati kuti sampu isaphwanyike, n'kukweza pang'ono kuti injini isalemere pa mabawuti. Ena onse anamasuka bwinobwino koma imodzi inakana zenizeni. Bawuti yachitsulo ikakhalitsa mu aluminiyamu madzi n'kumalowa, zitsulo ziwirizi zimadyana, pamatuluka kaufa koyera kogwira ngati simenti. Ndinathira mafuta omasulira dzimbiri n'kusiya usiku wonse, m'mawa kugogoda mutu wake ndi hamala, soketi ya makona 6 osati 12 poti ya 12 imadya mutu, kenako moto pa aluminiyamu mozungulira chifukwa iye amafufuma kuposa chitsulo akatentha, nsanza yonyowa nditaphimbira mawaya ndi rabala. Kumasula pang'ono, kumanganso pang'ono, choncho choncho. Inayamba kulira kuti kwii, mtima wanga n'kuti myaa, ndiye mwadzidzidzi inangoti thyo! mutu uli m'soketi, thupi latsalira mkati.

Ndinakhala pansi pompo. Manja akunjenjemera, mafuta thupi lonse, ndikuyang'ana kachitsulo kaja m'dzanja ndikuganiza za fizi ya ana, za mankhwala a amayi, komanso za bambo amene galimotoyi ankaipukuta okha m'mawa uliwonse. Misozi inatuluka yokha, sindichita nazo manyazi. Amayi anabwera mwakachetechete n'kundigwira paphewa, anangoti "Dzuka mwanangu, bambo ako sankaisiya ntchito pakati."

Ndipo inu alamu, ndikudziwa mumawerenga izi, munaima patali manja m'thumba mukuti ndiigulitse ngati sikirapu. Mawu amenewo ndinawasunga.

Amene anandipulumutsa ndi achimwene ena owotcherera zitsulo. Tinachotsa kaye batire, iwo anaika nati pa kachidutswa kotsala kaja n'kuwotcherera mkati mwake. Kuwotcherera kwa chitsulo sikugwira pa aluminiyamu, ndipo kutentha kwake kumaswa dzimbiri lija. Nati yoyamba inathothoka, anaikanso ina, titaisiya kuti izizire inatembenuka pang'onopang'ono mpaka kachidutswa konse kanatuluka, mazinga a bulaketi ali bwinobwino. Anakana kulandira kanthu.

Ndinatsuka mazinga ndi tapu (kachitsulo kokonzera mazinga), bawuti yatsopano nditaipaka anti-seize (mafuta oletsa zitsulo kugwirana), lamba watsopano pamodzi ndi water pump ndi tensioner (chokungira lamba) poti zonse zili malo amodzi. Ndinazunguza crank (shafti yaikulu ya injini) ndi dzanja kawiri, mamaki onse oonetsa kuti lamba wakhala bwino anabwerera pamalo pake, ndiye ndinaliza. Inalira kamodzin'kamodzi.

Gawo lotsatira ndikuuzani mmene alamu omwewo anabwerera kudzabwereka galimotoyo, ndi zimene achemwali anandipempha usiku umenewo.