Magetsi atabwera mwadzidzidzi pachigayo chathu

Ndine kapitawo pachigayo china cha m'tauni, chomwe chili ndi makina atatu: chokonola chimodzi ndi zogaya ziwiri. Tsiku lina masana magetsi anazima tili mkati mogaya. Mnyamata wathu wina anati apezerepo mpata wopukuta sefa yomwe inali itamata ufa. Anatsegula chitseko cha chigayo, n'kusolola sefayo, n'kutembenuka kuti atenge burashi. Pomwepo magetsi anabwera, mota n'kulira yokha, nyundo zikuzungulira poyera pamene panali dzanja lake kamphindi kapitako. Sanavulale. Amayi pamzere anangoti, "Mulungu ndi wamkulu," ndipo aliyense ankayembekeza kuti tibwezeretsa sefa n'kupitiriza.

Ine ndinakazimitsa switchi yaikulu, n'kunena kuti chigayo chimenecho sichigwiranso ntchito tsikulo. Anthu anang'ung'udza, ena ananyamula matumba awo kupita kwa anzathu kutsidya kwa msewu. Ndisanasunthe kanthu ndinajambula ndi foni: chitseko chotsegula, sefa ili pansi, ndi mulu wa matumba a madeya omwe anatchinga njira yopita kuswitchi yaikuluyo.

Chovuta chinali kumuyankhulitsa mnyamatayo. Iye ankadziwa kuti nkhani zotere zimathera pa kudulidwa malipiro, choncho mawu ake oyamba anali akuti, "Akapitawo, palibe chachitika." Ndinamutengera kuseri, kopanda anzake. "Achimwene, sindikufuna wolakwa. Ndiuzeni momwe manja anu anayendera kuyambira pomwe magetsi anazima." Apa m'pomwe anamasuka. Sefa imamata chifukwa timalandira mphale yosauma bwino, poopa kubweza makasitomala. Switchi ya pachigayopo inali yachikale, yomwe imakhala momwe waisiyira, ndiye magetsi akazima palibe chokukumbutsa kuti idakali yoyatsa. Yaikulu ija inali kuseri kwa matumba. Ndipo, anandinong'oneza, zomwezi zinachitikirapo mnzake wogwira usiku, koma anangoziseka.

Madzulo ndinagula kope pagolosale. Ndinalembamo tsiku, nthawi, makina ake, zomwe zinachitika, zomwe zikanachitika, chofunika kukonza, wokonza wake ndi tsiku lomalizira. Dzina la mnyamatayo sindinalilembe, mwadala. Kope lokhala ndi mayina limasanduka buku la milandu, ndipo palibe angabwere kudzadzineneza yekha.

Kwa bwana, mwini chigayo, ndinapita ndi zithunzi zija. Poyamba anati tingomuchenjeza mnyamatayo kuti azisamala. Ndinawauza za H. W. Heinrich, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya inshuwalansi ku America, ndipo mu 1931 analemba kuti pa ngozi 330 zamtundu umodzi, 300 sizivulaza munthu, 29 zimavulaza pang'ono, imodzi n'kuvulaza kwambiri. Akatswiri ena akhala akutsutsa manambalawa, ndipo ine sindiwalumbirira, koma ife tinali kale ndi ziwiri zopanda magazi pamakina amodzimodzi. Kunena zoona, zomwe zinawagwedeza bwana si Heinrich. Ndi pomwe ndinawakumbutsa kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka kwa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ndi makina n'zotetezeka, ndipo Workers' Compensation Act ya 2000 imafuna chipukuta misozi munthu akavulala pantchito. Anawerengera okha mtengo wa dzanja ndi mtengo wa sitata, switchi yamakono yoyatsira mota.

Wamagetsi anabwera n'kuchotsa switchi yachikale ija, n'kuika sitata ya mabatani awiri. Imeneyi magetsi akazima imadzimasula yokha, ndipo ngakhale abwere mota siilira mpaka munthu adine batani lobiriwira. Tinayesa tonse tikuona: kuzimitsa, kuyatsa, chigayo chili zii.

Komabe sitata siingaletse mnzako kudina batani iwe uli mkati. N'chifukwa chake tinagula loko. Wotsegula chigayo amayamba wazimitsa switchi yaikulu, kukhoma loko, kiyi m'thumba mwake, osati pamsomali. Akatero amadina batani lobiriwira kuti atsimikize kuti makina afadi. Kenako amadikira, chifukwa nyundo zimapitiriza kuzungulira kwa kanthawi magetsi atachoka, ndipo zikamatha liwiro phokoso lake silimvekanso bwino. Matumba a madeya tinawasamutsa, pansi pa switchi n'kujambulapo mzere wa penti woti pasamaikidwe kanthu. Mphale yonyowa tsopano timaibweza, ngakhale amayi ena amatinena kuti tayamba matama.

Lolemba lililonse m'mawa, tisanatsegule, timawerenga kope lija titaimirira. Masabata oyambirira munali zolemba zanga zokha. Kenako wina analembamo kuti chitenje cha mayi wina chinakhudza lamba wa chokonola pomwe ankawerama kutola thumba. Tinaitana wowotcherera kudzapanga chotchinga cha waya kuzungulira lamba ndi pule, ndipo makasitomala sadutsanso mbali imeneyo. Wina analemba za waya wosupuka pafupi ndi mpopi, ndipo anasinthidwa tsiku lomwelo.

M'kopemo muli mzere umodzi womwe sunafufutidwebe: zotseka m'makutu ndi zotchinga fumbi kumphuno. Bwana akuti tidikire nyengo yokolola ndalama zikayamba kulowa. Tsiku lomalizira ndalisuntha kale, ndipo Lolemba likubwerali ndiwerenganso mzerewo iwo ali pomwepo.